MSEU WA MASITORO AKALE A PA SALIMA

1. Ulendo wa ku Masitoro

Nyengo yokolola ikatha, thonje litapita ku msika ndipo ndalama zitalowa m'thumba, mlimi wa pa Chinguluwe amapukuta njinga yace nanyamuka ulendo wa ku Salima. Mkazi wace wamtuma citenje ndi poto. Ana akufuna nsapato ndi makope a ku sukulu. Iye mwini akulingalira za malata awiri kapena atatu, ndi tayala la njinga.

Anthu ambiri ofika ku Salima amayamba aima pa Kamuzu Road, pamene pali phokoso la magalimoto ndi anyamata a kabaza. Koma munthu akapitirira kulowa m'tauni, cakufupi ndi siteshoni ya sitima, amaona masitoro ena a mamangidwe acikale. Makoma ace ndi a njerwa, madenga ndi a malata ogwidwa dzimbiri, ndipo kutsogolo kwace kuli makonde otakasuka okhala ndi nsanamira. Ambiri a ife timangodutsa pa nyumba zimenezi, osafunsa kuti anazimanga ndani, kapena cifukwa cace anazimanga pamenepo.

M'kabuku kano tifuna kuyenda mu mseu umenewu pang'ono pang'ono, monga ayendera mlendo wofuna kudziwa. Tidzaona kuti masitoro samera okha ngati bowa. Iwo amatsata zinthu ziwiri: njira imene katundu amadzera, ndi ndalama za mlimi. Njira ikasintha, masitoro amasamuka. Mlimi akasauka, masitoro amatsekedwa.

Koma tisanayambe ulendo wathu, tengani tochi kapena loko imene munagula caka catha, nimuitembenuze. Kawiri kawiri mudzapezapo dzina la dziko la China. Tsono tiyeni tiyambe taona mseu wina wa masitoro wa m'dziko limenelo, pakuti uli ndi phunziro kwa ife.

2. Mseu wa Pansi pa Galasi

Cakumwera kwa dziko la China kuli mzinda waukulu wochedwa Guangzhou, umene Azungu akale ankaucha Canton. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje waukulu, kufupi ndi nyanja ya mcere, ndipo ngwa malonda kuyambira kalekale. Kuyambira caka ca 1757 kufikira 1842 mafumu a ku China sanalole zombo za Azungu a ku Ulaya monga Angerezi kucita malonda pa madoko ena koma pamenepa. Kuyambira 1957 mumzindamo mumacitika cionetsero cacikulu ca malonda kawiri pa caka. Masiku ano amalonda ambiri a ku Afrika, pamodzi ndi ena a kwathu kuno, amapita kumeneko kukapikula zobvala, nsapato, mafoni ndi ziwiya za m'nyumba.

Pakati pa mzindawo pali mseu wochuka wochedwa Beijing Road. Anthu amayendamo pansi, pakuti magalimoto saloledwa pamene pali masitoro. Nyumba zace nzosanjikizana, ndipo usiku magetsi amitundumitundu amawala ngati usana. M'caka ca 2002 anthu anchito analikukumba kuti akonze mseuwo, ndipo pansi pace anapeza mseu wina wakale. Atakumbanso anapeza wina pansi pa umenewo. Potsiriza anawerenga miseu 11 yogonerana, ndipo wa pansi penipeni unali wa zaka zoposa 1,000.

Akulu a mzindawo sanakwirire dzenjelo. Anaika galasi lolimba pamwamba pace. Cotero lero mwana wopita kukagula nsapato amayang'ana pansi, naona njerwa ndi miyala imene anapondapo makolo ace popita ku msika womwewo. M'miseu ina yakale ya mumzindamo muli nyumba za makonde olumikizana, kuti wogula ayende mumthunzi ndipo mvula isamnyowetse. Nyumba zimenezi eni dziko amazisamala.

Ife pa Salima tiribe galasi lotere. Komabe malonda a dera lathu ali nazo njira zace zakale, ina pansi pa inzace. Tiyeni tizione imodzi imodzi, kuyambira ya pansi.

3. Njira za Makolo

Masitoro asanabwere, makolo athu ankacita malonda osinthana. Anthu a kunyanja ankanyamula nsomba zouma kupita nazo kumtunda, nabwerako ndi cakudya, fodya ndi makasu. Thonje ankalima ndithu. Ankalipota ndi manja, naomba nsalu zolimba. Njira zao zinali zazing'ono, zoyendamo munthu mmodzi kutsogolo, wina pambuyo.

Koma tisaganize kuti iwo anali otsekeredwa, osadziwa za maiko ena. Kumwera kwa Salima, kufupi ndi Mtakataka, kuli malo ochedwa Mankhamba, pamene panali mudzi waukulu wa Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zinthu zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo. Anapezapo mikanda yambirimbiri ya galasi, mkuwa, zidutswa za minyanga ya njobvu, ndiponso mapale a mbale zoumbidwa ku China zaka ngati 400 zapitazo.

Kodi mbale zimenezi zinafika bwanji? Zinaoloka nyanja ya mcere m'zombo, kufikira ku gombe la Afrika. Kucokera kumeneko zinadzera m'manja mwa amalonda ambiri, ndipo potsiriza anthu anazisenza pamutu. Njira yaikulu ya masiku amenewo inali ya mtsinje wa Zambezi ndi Tete. M'caka ca 1616 Mpwitikizi wina, dzina lace Gaspar Bocarro, anayenda pansi kucokera ku Tete mpaka ku Kilwa, nadzera m'dziko la Amaravi, napereka nsalu ndi mikanda kwa mafumu kuti amlole kupita.

Tsono taona kuti katundu wa ku China sanayambe dzulo kufika ku nyanja yathu. Kusiyana kwace nkwakuti kale zinthu zotere zinali za mafumu ndi akuluakulu, ndipo mtengo wace unali minyanga ya njobvu.

4. Masiku a Zombo

Njira yaciwiri ndiyo yomvetsa cisoni. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anachedwa Jumbe, anakhazikika pa Nkhotakota, napanga zombo za matanga zooloka nyanja. Pambuyo pace Ayao anafika ku gombe la Salima, ndipo mafumu ao monga Maganga, Pemba ndi Kuluunda anamanga midzi m'mbali mwa nyanja. Pano nyanja njopapatiza, cotero kunali kwapafupi kuoloka kupita kwa Makanjira, tsidya lija, kumene njira ya ku gombe la nyanja ya mcere inkayambira.

Zombo zinkadza ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Nsalu yoyera inkachedwa merikano, cifukwa poyamba inkaombedwa ku America. Nsalu yakuda, kaniki, inkacokera ku India. Koma pobwerera zombozo sizinanyamule minyanga yokha iai. Zinanyamulanso anthu. Ana a eni dziko, Acewa ndi mitundu ina, ankagwidwa pa nkhondo kapena m'minda, nagulitsidwa ndi mikwamba ya nsalu. Ambiri anafera m'njira asanaone gombe.

Nkhani imeneyi sitiikamba pofuna kudzudzula mtundu uli wonse, pakuti ogwira ndi ogulitsa anzao anali a mitundu yambiri, ndipo zidzukulu zao lero zikukhala pamodzi mwamtendere, kukwatirana ndi kugulitsana nsomba. Tikuikamba kuti tidziwe kuti panali nthawi imene nsalu inali ya mtengo wa moyo wa munthu.

5. Doko la Domira Bay

M'caka ca 1875 sitima ya pamadzi yoyamba, Ilala, inalowa m'nyanja yathu ndi amishoni a ku Scotland. M'caka ca 1878 kunayambika kampani ya malonda ya African Lakes, imene anaitsogolera anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankabvala magalasi a m'maso, ndipo anthu anamucha Mandala. Dzinali linagwera kampani yonse ndi masitoro ace.

Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891, malonda a akapolo anathetsedwa ndi nkhondo zingapo. Pamenepo sitima za pamadzi zinatenga malo a zombo. Doko la dera lathu linali Domira Bay, kumpoto kwa pamene pali tauni ya Salima lero. Katundu wa ku Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anafika m'caka ca 1889, ndi wa ku Dowa, ngakhale wina wa ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ankatsikira pa nyanja, ndipo amtengatenga ankamsenza kukwera naye mapiri. Munthu mmodzi ankasenza katundu wolemera ngati makilogalamu 25, masiku ambiri, ndipo poyamba malipiro ace anali nsalu.

Cinthu cina cimene cinasintha moyo wa m'midzi ndico msonkho. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba, umene poyamba unali mashilingi 3. Tsono munthu ali yense anayenera kupeza ndalama, afune asafune. Ena anapita ku mtengatenga. Ena anapita ku Halale ndi ku Joni, ndipo ena mwa iwo anakhala machona osabwerera. Ena anayamba kulima thonje logulitsa, ndipo pa Chitala panakhazikitsidwa malo oyeserapo mbeu za thonje. Ndalama zitayamba kuyenda m'midzi, panafunika malo ozigwiritsira nchito. Nthawi ya masitoro inafika.

6. Njanji Ifika pa Salima

M'zaka zimenezo Salima sinali tauni. Dera lonseli linali mbali ya boma la Dowa. Cimene cinabala tauniyi ndi njanji.

Njanji yoyamba ya m'dziko muno inafika ku Blantyre m'caka ca 1908, kucokera ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje. Koma mtsinje wa Zambezi unachinga njira ya ku Beira, ndipo katundu ankaolotsedwa pa madzi. M'caka ca 1935 unatsegulidwa mlatho waukulu wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3. M'caka comweco njanji yocokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka ndi Chipoka, inafika pa Salima. Sinapitirire mpaka ku Domira Bay. Sitima za pamadzi zinayamba kukomana ndi sitima ya pamtunda pa Chipoka, ndipo doko lakale lija linazirala.

Tsono Salima inakhala mathero a njanji kwa zaka zoposa 40. Taganizani tanthauzo lace. Fodya wa ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, mtedza ndi cimanga, zinkatsika mapiri pa malole kudzakwera sitima pano. Mcere, shuga, nsalu, malata, simenti ndi mafuta a galimoto a Cigawo ca Pakati zinkatsikira pano. Panali anchito a njanji, onyamula matumba, oyendetsa malole, makalaliki ndi apaulendo, ndipo onsewa ankalandira ndalama. Pamene pali ndalama, wamalonda sacedwa kufika.

Amene anamanga masitoro ambiri anali Amwenye. Iwo anayamba kufika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, ambiri kucokera ku dera la Gujarat ku India. Anayamba malonda ao kumwera, ku Chiromo, Blantyre ndi Limbe, ndipo pang'ono pang'ono anafalikira m'dziko lonse, kutsata miseu ndi njanji. Mnyamata ankabwera kudzagwira nchito m'sitoro ya mbale wace. Atasunga ndalama kwa zaka zingapo, mbaleyo ankamkongoza katundu kuti akatsegule sitoro yace kwina. Umo ndimo unamangidwira mzere wa masitoro umene tikuuona kufupi ndi siteshoni.

7. M'kati mwa Sitoro

Tiyeni tsopano tikwere pa khonde, tione monga anaonera agogo athu.

Pakhonde pankakhala telala ndi makina ace opalasa ndi phazi. Telalayo anali munthu wa kwathu konkuno. Munthu akagula nsalu m'katimo, ankaturuka nayo nampatsa telala, ndipo pofika madzulo malaya kapena diresi zinali zitasokedwa. Pakhonde pomwepo anthu ankapumulirapo, kumva nkhani za kutali, ndi kufunsa za abale ao a ku Halale.

M'kati munali mdima pang'ono, ndi pfungo la sopo, parafini ndi nsalu zatsopano. Thebulo lalitali linkalekanitsa wogula ndi katundu. Kumbuyo kwace kunali mipukutu ya nsalu: biriwita, khaki, merikano ndi zitenje. Kudenga kunkalendewera nyali, ndowa ndi matayala a njinga. Pansi panali matumba a mcere, makasu ndi mabulangete. Mwini sitoro ankayeza nsalu ndi ndodo yoyezera, nang'amba ndi manja. Ndalama zinali mapaundi, mashilingi ndi makobiri obooka pakati, amene amai ankawatunga pa cingwe. Mtengo unali wokambirana, ndipo wogula zambiri ankapatsidwa basera, kapena singano, kapena mcere wodzaza dzanja. Banja la mwini sitoro linkakhala m'zipinda za kumbuyo, ndipo ambiri a iwo ankalankhula Cinyanja.

Zabwino zinalipo. Mwenye ankagulitsa zinthu pang'ono pang'ono monga mwa mphamvu ya munthu wosauka, ndipo ankatsegula sitoro kumene Mzungu sakanafuna kukhalako. M'masitoro ena a Azungu a m'matauni munthu wakuda ankagulira pa zenera, osaloledwa kulowa. Koma kwa Mwenye ankalowa, nagwira nsalu ndi manja ace.

Zodandaulitsa zinaliponso. Anthu ankadandaula za malipiro ocepa a anchito a m'masitoro, ndi za mitengo yokwera kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Koposa zonse, mwana wa eni dziko anali kutsogolo kwa thebulo nthawi zonse, osati kumbuyo kwace. Panali lamulo la atsamunda lonena kuti wamalonda wacilendo akakongoza munthu wakuda katundu wambiri, sangathe kukamsumira ku bwalo la milandu. Cifukwa ca ici opikulitsa katundu sankafuna kukongoza anthu akuda, ndipo ofuna kuyamba malonda anatsalira pa timasitoro tating'ono ta m'midzi.

8. Thonje la pa Chinguluwe ndi Kucoka kwa Amwenye

Dziko la Malawi linalandira ufulu m'caka ca 1964. M'caka ca 1968 boma linayamba nchito yaikulu yotukula ulimi m'dera la Salima, mothandizidwa ndi dziko la West Germany. M'zaka zimenezo malo a pa Chinguluwe anagawidwa minda, ndipo mabanja ocokera m'madera osiyanasiyana anadzakhala pano kuti alime thonje, cimanga ndi mtedza. Alangizi anaphunzitsa kupopera mankhwala ndi kulima ndi ng'ombe. M'caka ca 1967 fakitale ya nsalu ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo thonje la m'dziko muno linayamba kubwerera kwa mlimi litasanduka citenje. M'caka ca 1971 ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha 2 pa paundi imodzi, ndipo caka comweco bungwe la ADMARC linayamba kugula mbeu.

Koma pa nthawi yomweyo masitoro anaona kusintha kwakukulu. M'caka ca 1970 boma la Dr. H. Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye acoke m'malo a malonda a kumidzi, kuti eni dziko atenge malonda amenewo. Nchitoyi inacitika pang'ono pang'ono, ndipo pofika 1978 Amwenye analoledwa kucita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Mabanja amene anakhala m'maboma ang'ono ang'ono zaka 30 kapena 40 anatseka zitseko, napita ku Lilongwe, ku Limbe, ena mpaka ku England.

Amalawi anagula kapena kucita lendi masitorowo, ndipo boma linakhazikitsa masitoro opikulitsa a Chipiku kuti awathandize kupeza katundu. Ena anacita bwino. Koma m'malo ambiri a malonda m'dziko muno nyumba zinakhala zotseka, mashelefu opanda kanthu, ndipo anthu a m'midzi anayamba kuyenda mitunda yaitali pofuna singano kapena parafini.

Cifukwa cace cinali ciani? Nyumba yokha si malonda. Mwenye anali ndi mbale ku Limbe womkongoza katundu, ndi mbale wina wa lole womtengera katunduyo. Ankalemba m'buku khobiri liri lonse. Mwini watsopano kawiri kawiri analibe mpamba wokwanira, analibe womkongoza, ndipo acibale ankabwera kudzatenga sopo ndi shuga pa ngongole imene sinabwezedwe. Iri ndi phunziro kwa ali yense wa ife amene akuphunzira kuwerenga ndi kulemba: sitoro imaima pa buku la mawerengero, monga nyumba iima pa maziko.

9. Njira Isinthanso

Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975. Njanji inapitirizidwa kucokera pa Salima, mothandizidwa ndi dziko la Canada, nifika ku Lilongwe m'caka ca 1979, ndi ku Mchinji m'caka ca 1980. Imeneyi inali nkhani yabwino kwa dziko, koma Salima inaleka kukhala mathero a njanji. Katundu amene kale ankatsikira pano anayamba kungodutsa.

Posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji ya ku Beira m'caka ca 1983, ndi ya ku Nacala m'caka ca 1984. Katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pa malole akuluakulu. Sitima yonyamula anthu nayonso inadzaleka kufika pa Salima. Tsono moyo wa malonda unacoka ku siteshoni, nupita ku mseu wa tala, kumene kumadzera mabasi a ku Lilongwe, Nkhotakota ndi Balaka. Ndico cifukwa cace pa Kamuzu Road pali piringupiringu lero. Zimene njanji inacitira Domira Bay, mseu wa tala unacitiranso siteshoni.

Kuyambira 1994, dziko litalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, malonda anamasuka. Mavenda anadzaza m'mbali mwa miseu. Kaunjika, ndizo zobvala zobvalidwa kale zocokera kunja, anaculuka, ndipo nchito ya atelala ambiri inacepa. Fakitale ya David Whitehead inagwa m'mabvuto, nigulitsidwa m'caka ca 2003.

Kumapeto kwa caka ca 2007 boma la Malawi linapanga ubale ndi boma la ku Beijing, nilisiya ubale wace wakale ndi Taiwan. Amalonda a ku China anafika, natsegula masitoro m'mizinda ndi m'maboma. Katundu wao anali wochipa, ndipo ogula anakondwera. Koma amalonda a kuno anadandaula, makamaka ku Karonga. M'caka ca 2012 boma linaika lamulo lakuti amalonda acilendo azicita malonda ao m'mizinda inai: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Owerenga aona okha kuti nkhani imeneyi ikufanana ndi ya m'caka ca 1970. Funso ndi lomwe lija: kodi woima kumbuyo kwa thebulo akhale ndani?

10. Zimene Mseuwu Utiphunzitsa

Tsopano tabwerera pa khonde pamene tinayambira. Taona njira zisanu: ya makolo yodzera ku Zambezi, ya zombo, ya Domira Bay, ya njanji, ndi ya mseu wa tala. Pa njira iri yonse panadzera nsalu. Pa njira iri yonse panacoka cuma ca dera lino: minyanga, anthu, mphamvu za anyamata, ndi thonje.

Mlimi wa pa Chinguluwe ayenera kulingalira cinthu cimodzi. Makolo ace ankalima thonje, naomba nsalu yao. Lero thonje lambiri la m'dziko muno limangocotsedwa njere, nilitumizidwa kunja m'mabelo. Kumeneko anthu ena amalipota, naliomba, nalipaka maluwa, nalisoka, ndipo pa nchito iri yonse amalandirapo malipiro. Zitenje zambiri zimene timagula nzocokera kunja. Tsono mlimi amagulitsa pa mtengo wa thonje, nagula pa mtengo wa nsalu. Kusintha mwini sitoro kokha sikungathetse bvuto limeneli. Mzinda wa Guangzhou ngwolemera cifukwa anthu a dera limenelo amapanga okha zambiri zimene amagulitsa.

Cinthu caciwiri ndi ici. Nyumba zakale zikugwa, zina zikugumulidwa kuti pamangidwe zatsopano. Kumanga zatsopano si kulakwa. Koma anthu amene anaona sitima ikutsitsa mcere pa siteshoni, amene anagula biriwita ndi makobiri obooka, akutha mmodzi mmodzi. Akulu anati, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Iwo akapita tisanawafunse, mbiri ya mseu wathu idzakwiririka popanda galasi loionera.

Cotero ulendo wina mukapita ku Salima, tengani mwana wanu, ndi kope, ndi pensulo. Mukatha kugula, pitani ku masitoro akale aja. Werengani nsanamira za khonde. Yang'anani pamwamba pa khoma ngati palembedwa caka kapena dzina lofufutika. Mukapeza telala wacikulire, mpatseni moni mwaulemu, nimumfunse kuti, “Kodi bambo, sitoro ino inali ya yani, ndipo munkagulitsidwa ciani?” Lembani zimene adzakuuzani, ndi tsiku limene mwazimva. Pobwerera ku Chinguluwe kawerengereni anzanu a m'kalasi, ndipo iwonso aonjeze zimene anamva kwa makolo ao. Imeneyi ndi nchito imene munthu wophunzira kulemba caka cino angathe kuigwira.